Kuno Kulibe Chikamwini

Diepsloot, ku Joni
16 Juni 2024

Okondedwa amayi,

Moseliwa kumeneko? Ndikhulupirira kuti miyendo ija yakulekaniko. Ife kuno tili bwino tonse atatu, ine, Millie ndi bambo ake. Kalatayi ndapatsira a Kingstone, aja amanyamula katundu wa anthu pa lole kuchoka kuno kukatsitsa pa Nkando. Achimwene a Wyson, ndikudziwa kuti owawerengera amayi ndinu. Muziwerenga zonse, osadumpha mizere monga munkachitira ndi makalata ochokera kwa aphunzitsi anu.

Tinafika Lachinayi titakhala m'basi masiku atatu. A Bryson anadzatichingamira atavala jekete lachikopa, ndipo Millie anabisala kumbuyo kwanga osawazindikira bambo ake. Chaka chimodzi chokha munthu wanenepa mpaka khosi kusowa.

Amayi, dzuwa la kuno mukanaliona. Mwezi uno ndikudziwa kuti chiperoni chakuphimbani, phiri silikuoneka, zovala zikununkha chinyezi pachingwe tsiku lachitatu. Kuno m'mawa kumazizira ndithu, koma kumwamba kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Ndikachapa m'mawa, masana ndapinda. Chifuwa cha Millie chija chasiya chokha. Tsiku loyamba ndinaima panja n'kunena mumtima kuti ngati dzuwa lokha lili chonchi, zinazo zikhala bwanji.

Nyumba yake ndi chipinda chimodzi cha malata kuseri kwa nyumba ya eni malo, kuno amati mkuku. Zipinda zotere zilipo zisanu ndi chimodzi pabwalo limodzi, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi. Mukatambasula dzanja mwagwira bedi, mukatembenuka mwagunda sitovu. Koma babu la magetsi lilimo, ndipo Millie amangoyatsa n'kuzimitsa mpaka kumukalipira. Masamba a mpiru kuno amagula, amayi, kamtolo kamene inu mumaponyera mbuzi.

Mkamwini wanu uja, amene ankati akakuonani panjira n'kukhotera m'nandolo, pano amandiphikira tiyi. Akugwira ntchito yosamala maluwa m'nyumba za mabwana. Akuti kumeta kapinga n'kopepuka kusiyana ndi kusenza zikwama za alendo m'phiri monga ankachitira ku Likhubula.

Chimodzi chinandiseketsa. Ndinasuntha bedi kuti pakhale malo ophikira, iwo pobwera anati, "Mayi a Millie, m'chipinda changa muzifunsa kaye." Ndinaseka mpaka misozi. Munthu amene wakhala zaka zisanu ndi zitatu pamudzi pathu, ngakhale nthochi sankadula osakufunsani. Iwo sanaseke nawo, koma mwina anali atatopa.

Malata amene tinatola nyumba yathu itagwa ndi namondwe wa Freddy musagulitse, muwasanje pakhonde panu. Nandolo wa m'munda mwanga akakhwima mukolole, wina mudye, wina mundisungire mbewu. Tikhala zaka ziwiri basi, tikapeza za simenti tibwera tidzamange.

Foni ndi imodzi ndipo amayenda nayo ndi iwo, ndiye nkhani zanga muzizilandira papepala.

Ndine mwana wanu,
Ireen


1 Sepitembala 2024

Amayi,

Moni wa masiku. Kalongonda ndi makaka a chinangwa munatumiza zija zinafika bwino, ngakhale a Kingstone akudandaula kuti lole yonse inanunkha makaka mpaka kuno. Ndinaphika Lamulungu lapitalo. Millie analawa kamodzi n'kupempha buledi.

Mwafunsa ngati moyo wasintha. Ndapeza ntchito kwa madamu ena ku Fourways, kuchapa, kusita ndi kukolopa, Lolemba mpaka Loweruka. Ndimanyamuka kusanache, matakisi awiri, pobwera dzuwa lalowa. Dzuwa ndinkakutamandirani lija ndimalionera pawindo la eni ake, kapena poyanika zovala za ana awo. Millie wayamba sukulu. Akaweruka amakhala kwa Esteri, mayi wa ku Phalombe amene timapemphera naye, mpaka wina wa ife afike. Kudyera pamodzi ndi Lamulungu lokha, ndipo tsikulo aliyense amafuna kugona. Kwathuko mwana akalira amatuluka anthu asanu. Kuno akalira, woyandikana naye amakweza wailesi.

Chizulu wachigwira kale mdzukulu wanuyo, kumsika amandimasulira ndi iye. Ine ndikatsegula pakamwa anthu amadziwiratu kuti uyu ndi wobwera, ndiye m'takisi ndimangokhala duu. Ine amene munkati ndinabadwa ndikuyankhula.

Masiku a m'pasipoti anatha kalekale, paboda anatipatsa mwezi umodzi basi. A Bryson akuti anthu ambiri kuno ali choncho, bola osayenda moonetsa mantha. Mapasipoti athu, yanga ndi ya Millie, akuti anakasungitsa kwa bwana wawo, poti m'mikuku mumabuka moto ndiponso mumalowa akuba. Nzeru yake ndi yabwino, sindikutsutsa. Ndinangofunsa kuti bwanayo amakhala msewu uti, anayamba nkhani ina.

Sabata yatha tinasemphana pang'ono. Ndinati mwezi uno ndikutumizireni ya feteleza. Iwo anati, "Munda umenewo ndi wa ndani?" Ndinati ndi wathu. Anati, "Ndi wanu. Ine ndinaulima zaka eyiti, koma mukanandithamangitsa ndikanatengapo ngakhale phesi? Kunotu kulibe chikamwini, mayi." Ananena mosakweza mawu, akupukuta nsapato. Ndinaona kuti mawuwo sanawaganize tsiku limenelo, anawasunga nthawi yaitali.

Achimwene, inunso ndinu mkamwini kwa alamu ku Nkando. Tandiuzani zoona, kodi nonse mumasunga zotere m'mimba?

Za feteleza ndiyesetsa mwanjira ina mvula isanagwe. Mbuzi ija ikabereka, kamwana koyamba n'ka Millie, munamulonjeza nokha.

Ine,
Ireen


15 Disembala 2024

Amayi,

Ndikhulupirira mvula yagwa bwino ndipo mwadzala. Ife tilipo. Zilembo zikapendama musadabwe, dzanja likuwawa pang'ono, ndinagunda chitseko. Ndinakuuzani kuti chipinda chake n'chaching'ono.

Khirisimasi sitibwera. Madamu apita kokasangalala ku Durban ndipo andisiyira agalu awiri kuti ndiziwadyetsa. Agaluwo ali ndi bedi, ali ndi dokotala wawo, wina amamwa mapiritsi a mtima. Ndikamamupatsa piritsilo ndimakuonani inu mukuyenda wapansi kupita kuchipatala pa Thuchila ndi miyendo yotupa, ndiye ndimangoseka ndekha kuopa kulira pamaso pa galu.

Ndatumiza shuga, mafuta ophikira, sopo ndi juzi yabuluu. Juziyo ndi yanu. Musamupatse Elsa, mwana wanu wotsirizayo amadziwa kulirira za eni.

Bambo a Millie masiku ano ntchito yawachulukira. Akuti maluwa ena amafuna kuthirira Loweruka ndi Lamulungu lomwe, mpaka kugona konko. Ine ndinakulira m'dimba koma maluwa otere sindinawaonepo. Esteri akuti pali mkazi wina, dzina lake Rosie, amagulitsa tchipisi pa renki ya matakisi. Ndinawafunsa bambowo. Linali tsiku lomwe ndinagunda chitsekolo.

Achimwene, apa ndikuyankhula ndi inu monga mwini mbumba. Mukwere njinga mupite ku Likhubula mukaonane ndi a Vitorino, ankhoswe awo. Muwauze kuti m'nyumba mwalowa mphepo. Kwathu nkhani yotere ikanatha tsiku limodzi pansi pa mtengo wa mango paja, iwo atakhala pansi chipewa chili m'manja. Kuno ndikadandaule kwa yani? Apabwalo pano akamva phokoso aliyense amatseka chitseko chake. Walira mvula walira matope, ndinalira ndekha kuti anditenge. Koma Millie sanalire nawo, ndipo zonsezi amazionera ali pabedi, bulangete lili m'kamwa.

Amayi, musaganize kwambiri, mungadwale nazo.

Ireen


9 Febuluwale 2025

Amayi,

Moni nonse. Ndamva kuti munagona masiku awiri kuchipatala. Ndamvera kwa a Kingstone, osati kwa inu. Tafanana, tonse timagunda zitseko mwakachetechete. Mapiritsi akupatsaniwo muzimwa mpaka atha, osati kusiya mukangomva bwino.

Achimwene, zikomo poyenda ulendo wa ku Likhubula mvula ili pamsana. A Vitorino anaimbadi foni Lamulungu lija, ine ndili pomwepo ndikusenda mbatata. A Bryson ankayankha mwaulemu, "Eee amalume, ndamva amalume," mpaka mkuluyo anati ngati mkazi wakukola ubwere naye kuno tidzakambe pamaso pa eni ake. Pamenepo anati, "Amalume, kunotu netiweki imavuta," n'kudula. Anaika foni m'thumba, n'kundifunsa ngati ndili ndi ankhoswe ena.

Uthenga wanu a Kingstone andiuza mawu ndi mawu, mpaka kutsanzira mmene mumalozera ndi chala. Akuti mwati, "Mwamuna ndi mlendo. Amutulutsire katundu pakhomo, akatero atenge mwana azibwera."

Ndikulikumbukira tsiku munatulutsa katundu wa abambo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Munaika bulangete, khasu ndi wailesi panjira, inu n'kukhala pakhonde kumapeta mpunga. Abambo anabwera, anayang'ana katundu, anayang'ana inu, anasenza n'kumapita kwawo. Ife ana palibe amene anatifunsa kuti mutsata ndani, chifukwa funso lotero kwathu kulibe. Ana ndi a kuchikazi, ngakhale nkhuku ikudziwa.

Ndakhala ndikuganiza. Ndine mwana wanu, magazi omwewo. Lendi masiku ano ndikulipira ndine. Mapoto ndi anga, katani ndinasoka ndine, amasesa ndine. Nyumba ndi ya mkazi. Esteri akuti ndisayerekeze, kwa eni kulibe mkuwe. Koma Esteri ndi wamantha, amathawa ndi mphaka yemwe.

Lachisanu Rosie uja anabwera pakhomo ine ndisanafike, kudzatenga malaya a bambo a Millie akuti akawachapire. Anamupatsa Millie switi. Mwanayo anandiuza yekha akusangalala, akuti anti aja ndi abwino. Mtima unandiwawa kuposa tsiku la chitseko.

Mundipempherere.

Ireen


2 Malichi 2025

Amayi,

Ndili moyo. Kalatayi ndikulembera kwa Esteri, ndi kumene ndikugona.

Ndinachita monga munachitira. Lamulungu lapitalo titabwera kutchalitchi, iwo kunalibe chichokereni Lachisanu. Ndinalonga zovala zawo m'chikwama, pamodzi ndi bulangete, nsapato ndi sizasi yawo yodulira maluwa, n'kukaika panja pampopi. Ndinatenga mpando n'kukhala pakhomo. Mpunga wopeta ndinalibe, ndiye ndinakhazika Millie pansi n'kumamuluka tsitsi. Ndinkamva kukoma, amayi, sindinama. Chibwerereni kuno linali tsiku loyamba kumva kuti ndili pakhomo panga.

Anafika masana dzuwa likuswa mtengo. Anayang'ana katundu, anayang'ana ine, ndendende abambo. Ndinati basi asenza. Koma anatembenuka n'kukagogoda kwa mwini malo.

Mwini maloyo ndi bambo wachikulire wa konkuno. Anatuluka akutafuna nyama, anayankhula m'Chizulu, ndipo wondimasulira anali Millie. Mwana wanga yemwe, tsitsi litalukidwa mbali imodzi.

"Akuti chipindachi anabwereketsa kwa adadi. Akuti inuyo sakukudziwani."

Ndinati, "Uwauze kuti kwathu nyumba ndi ya mkazi."

Millie anawauza. Bwalo lonse linaseka. Aja sanatsegulepo zitseko ine ndikulira, tsiku limenelo anatsegula. Mkuluyo anayankha mawu ochepa, Millie anayang'ana pansi.

"Akuti chiyani?"

"Akuti ndiye mupite kwanuko."

A Bryson sanandimenye, sanatukwane. Analowetsa chikwama chawo, anatulutsa changa n'kuchiika malo omwewo pampopi. Ndinamugwira Millie dzanja kuti tiye. Iwo anagwira linalo.

"Mayi a Millie, inu pitani kulikonse mukufuna," anatero. "Koma mwanayu mumudutsitsa ndi chiyani paboda? Pasipoti yake ili kuti? Kalata yanga yovomereza ili kuti? Kapena tiitane apolisi atiweruze, muwaonetse masiku anu?"

Tinakokana pang'ono. Mwana anati akumva kuwawa. Ndinasiya ndine.

Sindikukuimbani mlandu, amayi. Munandipatsa mankhwala amene anakuchizani inu, kungoti matenda a kuno ndi ena. Achimwene, musawaimbirenso foni, mukungokolezera moto ndipo wopsa ndi mwana.

Ireen


25 Meyi 2025

Amayi,

Pepani ndakhala chete. Ndinalibe chabwino cholemba, lero ndilibenso, koma a Kingstone akunyamuka mawa. Ndamva kuti tsopano mukuyendera ndodo ndipo madzi akukutungirani ndi Elsa. Mumuthokoze. Juzi ija ngati akuilirirabe muzimubwerekako.

Ndikugwirabe ntchito kwa madamu aja. Lachitatu amandilola kuweruka msanga, ndiye ndimathamangira kusukulu kwa Millie kukaima pampanda wa waya. Bambo ake anauza aphunzitsi kuti mwana asamatengedwe ndi munthu wina aliyense, ndipo munthu winayo ndine. Timayankhulana kudzera m'mabowo. Tsitsi ndinamuluka mbali imodzi lija linakhala choncho mpaka kumangana, kenako anamumeta mpala. Ali ndi chipere kuseri kwa khutu. Ndinamupaka mankhwala ndi chala chimodzi, ndi chimene chimakwana pabowo.

Rosie akukhala momwemo. Sindinganene kuti amamuzunza, ayi, ndingachimwe. Amamupatsa tchipisi m'mawa, tchipisi madzulo. Koma amaweruka mochedwa, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amadzitsekera yekha m'chipinda, kiyi ali pakhosi, sitovu ya parafini ili pomwepo. Mwezi watha mikuku inapsa mzere wakumunsi. Ndinathamanga wopanda nsapato mpaka ndinaona kuti si kwawo.

Ndayesa zonse. Akuluakulu a mpingo anapita, a Bryson anawalandira ndi zakumwa n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. Ndinawagwadira a Kingstone kuti amubise mwana pakati pa katundu. Anakana, akuti akagwidwa ndi mwana wopanda mapepala ndi mlandu woba munthu, ndipo nawonso ali ndi ana. Sindinawakwiyire. Kupolisi ndinafika pageti n'kubwerera. Akangondifunsa pasipoti, mathero ake ndidzatsikira ku Mwanza ndekha, Millie ali kuno.

Mwati ndibwere, mwana ndi wathu, akadzakula adzafuna yekha kwawo kwa mayi ake. Amayi, mwana amafuna kumene akukudziwa. Lachitatu lapitali ndinamuuza kuti agogo akudwala. Anandifunsa kuti, "Agogo ake ati, aja a mbuzi?" Chichewa chake chayamba kulemera ngati cha bwana wa ku esiteti. Zikadutsa zaka zina ziwiri ndili kutali, ndi mbuziyo adzaiwala.

Nandolo wa chaka chino mudzadye yense, za mbewu zisiyeni kaye.

Ireen


10 Ogasiti 2025

Okondedwa amayi,

Achimwene, kalata iyi muwerenge muli awiri, Elsa atapita kumadzi. Mukamaliza musaisunge.

Amayi, ndikhulupirira mwadzukako lero. Ine m'thupi ndili bwino. Millie chipere chapola, tsitsi layamba kumera. Ndikudziwa chifukwa akumusambitsa ndine. Ndinabwerera.

Rosie anachoka mu Julayi, akuti anatopa kulera mwana wa eni. A Bryson anatuma Esteri kuti ngati ndikufuna, khomo n'lotsegula, koma ndikalowetse ndekha zimene ndinatulutsa, anthu akuona. Esteri pondiuza ankalira, anati ndisapite. Ulendo uno wamantha sanali iye.

Ndinapita Lamulungu masana. Anatulutsa okha chikwama chawo n'kuchiika pampopi, anaitana mwini malo ndi apabwalo onse. Ndinachisenza pamutu, ndinayenda chogwada kuchoka pampopi mpaka pakhomo, n'kunena kuti ndinalakwa, nyumba ndi yanu, mwana ndi wanu. Anati ndibwereze mokweza. Ndinabwereza. Panalibe zomasulira, anthu anamva okha.

M'mbumba mwathu palibe mkazi amene anachitapo zimenezi, ndikudziwa. Agogo sanachite, inu simunachite. Manyazi ndili nawo, ndipo bamboyu sindikumukondanso, ndikunena poyera. Koma m'mawa uliwonse ndimamudzola mafuta mwana wanga ndi manja onse awiri.

Malamulo ake ndi awa. Malipiro anga azisunga ndi iwo. Kumudzi ndikhoza kupita tsiku lililonse ndingafune, pasipoti andipatsa, ya basi andipatsa, koma ndekha, ndipo ndikatuluka ndisadzabwerenso. Ngakhale akanalola, paboda akaona masiku anga sadzandilowetsanso msanga. Millie adzagwira pasipoti yake akadzakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ndinayamba kuwerenga zaka zotsalazo pa zala, zala zinatha.

Ndiye munda wanga ndi malo a nyumba mumupatse Elsa. Amene akukutungirani madzi ndiye mwana wamkazi wa pakhomo. Achimwene, mukauze amfumu kuti ndavomera ndekha, pasadzakhale mlandu. Akadzakwatiwa, mwamuna wakeyo mudzamudulireko kachigawo ka dimba kakhale kakekake. Musandifunse chifukwa.

Amayi, a Kingstone sanandibisire mmene mulili. Akuti kutupa kwadutsa m'mawondo, ndipo lole ikafika pa Nkando mumatuma munthu kukafunsa ngati yabwera ndi katundu yekha. Musamatumenso. Zinafika poti ndisankhe pakati pa amene anandibereka ndi amene ndinabereka, ndipo ndasankha mmene mukanasankhira inu. Ndimakukondani, ndipo ndikudziwa kuti sitidzaonananso.

Mundikhululukire pano mukadali ndi mpweya, a Kingstone adzanditengere mawuwo. Tsikulo likadzafika, achimwene asadzachedwetse mwambo podikira ine. Kumutu kwanu kudzakhale Elsa. Ine ndidzakulirani konkuno, Lamulungu lotsatira, poti ndi tsiku lokhalo limene sindipita kuntchito.

Mwana wanu wamkazi woyamba,
Ireen